Ndikagule kuti zida zokwerera phiri la Mulanje?

Funso: Ndimagwira ntchito ku Lilongwe. Ine ndi anzanga atatu tapangana zokakwera phiri la Mulanje mu Julayi, masiku atatu, ndipo cholinga n'kukafika pa Sapitwa. Kenako cha mu Okutobala tikufuna tikagone m'tenti kunyanja. Tonsefe n'koyamba. Ndilibe nsapato zoyenera, jekete la mvula, sleeping bag (thumba lofunda logonamo), chikwama, ngakhalenso tentiyo. Anzanga akuti tingopita pa kaunjika, ine ndaona ena akutsatsa zinthuzi pa Facebook, komanso ndili ndi alongo anga ku Johannesburg amene akhoza kunditumizira. Ndalama zanga n'zochepa. Ndikagule kuti?

Yankho: Achemwali, mwachita bwino kufunsa nthawi ikadalipo, chifukwa nsapato zokwerera phiri sizigulidwa sabata yonyamukira.

Musavutike kufunafuna sitolo imodzi yoti mukagulemo zonse. Chinthu chilichonse chili ndi kwake kogula, ndipo munthu wa ndalama zochepa ndiye ayenera kudziwa bwino zimenezi. Ine ndikafuna kusankha kogula ndimadzifunsa zinthu ziwiri. Chinthuchi chikandikhumudwitsa ndili pamwamba pa phiri, chindichitikire n'chiyani? Nanga wogulitsayo andilola kuchigwira, kuchivala ndi kuchithira madzi ndisanalipire? Supuni ikathyoka mudya ndi manja, palibe vuto. Koma soli ya nsapato ikamatuka muli pa Chisepo, nyumba yogona ya pamwamba pa phiri, mudzatsika tsiku lonse pa miyala yoterera mutaimanga ndi chingwe. Ndiye zinthu zitatu zimene zasenza moyo wanu, nsapato, chofunda ndi chokutetezani ku mvula, mugule kumene mungaziyese nokha kapena kumene zolembedwa pa chinthucho n'zodalirika. Zina zonse mugule kotchipa, mubwereke, kapena mutenge za kunyumba.

Musanatulutse ngakhale kwacha imodzi, yambani mwalankhula ndi anthu a kuphiriko. Ambiri amayambira ulendo pa Likhubula, pamene pali ofesi ya zankhalango ndipo ndi pamene mumapeza gaidi ndi onyamula katundu. Pamwamba pali nyumba zogona alendo: Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Minunu, Madzeka ndi Sombani. Nyumbazi zimakhala ndi mlonda, malo osonkhapo moto, nkhuni ndi madzi pafupi. Opita ku Sapitwa nthawi zambiri amagona pa Chisepo n'kulawirira m'mamawa. Apa mwaona kale kuti ulendo wa Julayi sufuna tenti, ndiponso sufuna chitofu cha gasi. Mapoto awiri opepuka a kunyumba, mbale za pulasitiki ndi makapu, basi. Funsani gaidi wanu ngati nyumba zimene mukagonemo zili ndi matiresi, komanso ngati iye kapena malo ogona a m'munsi mwa phiri angakubwerekeni sleeping bag, chifukwa ena amabwereketsa pa mtengo wa tsiku. Bungwe la Mountain Club of Malawi nalo ndi la anthu amene amalidziwa phirili, ndipo mamembala ake amatha kugwiritsa ntchito ziwiya zosungidwa m'nyumbazi. Kwa munthu amene sanadziwe ngati adzabwererakonso, kubwereka n'kwanzeru kuposa kugula.

Chimene simuyenera kuchepetsa ndi kuzizira. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, ndipo nyumba zambiri zogonamo zili cha pa mamita 2,000. Mukakwera mamita 1,000 alionse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, mphepo isanawonjezerepo zake. Mu Juni ndi Julayi usiku kumafika pafupi ndi 0, ndipo m'mawa udzu umatha kuyera ndi chisanu. Ndi miyezi yomweyonso ya chiperoni, nkhungu ija yobwera ndi mvula yowaza ndi mphepo yozizira kuchokera cha ku Mozambique. Imatha kukuta phiri kanthawi kochepa dzuwa likuwala, n'kukhala masiku angapo. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil amene anapitirira yekha ku Sapitwa atavala zopepuka anapezeka atamwalira ndi kuzizira. Sindikunena izi kuti muope phiri. Ndikufuna muone kumene ndalama zanu ziyenera kupita: kunyowa kukaphatikizana ndi mphepo ndiye kumapha, osati njala kapena kusowa tenti yokongola.

Nsapato mugule kuno, phazi lanu lili momwemo. Njira ya ku Sapitwa si yoyenda chabe. Pali malo okwawa pa matanthwe otsetsereka, malo olowa pansi pa miyala, malo ogwira mizu ndi manja. Chofunika ndi soli ya mphira wogwira mwala, yokhala ndi mano akuya amene sanathe. Sikuti mpaka zikhale nsapato zolemera zofika m'mwendo ayi. Popeza katundu wolemera adzanyamula ena, nsapato zothamangira m'tchire za soli yabwino zimakwanira, ndipo ambiri amaziona zopepuka pa matanthwe. Zosayenera ndi zija za kuntchito zokhala ndi chitsulo kutsogolo, majombo, ndi masinika osalala kunsi. Mudzaona onyamula katundu ena akukudutsani atavala masilipasi. Musatengere zimenezo, mapazi awo anakulira m'phirimo, ndipo ambiri savala choncho mwa kufuna kwawo.

Pa kaunjika, kaya pa msika wa Tsoka kwanu ku Lilongwe, ku Limbe kapena m'mashopu a DAPP, mumapezeka nsapato zenizeni zokwerera mapiri zochokera ku Ulaya ndi ku America, zina zongovalidwa kangapo. Koma pali msampha umodzi umene wagwetsa anthu ambiri, ndipo umakhala mu nsapato zooneka zatsopano. Nsapato zambiri za mtunduwu zili ndi gawo lofewa pakati pa chikopa ndi mphira wa pansi, lopangidwa ndi polyurethane. Gawoli limawola lokha ndi chinyezi cha mumpweya zaka zikamapita, ndipo nsapato yongokhala m'kabati imawola msanga kuposa yovalidwa kawirikawiri. Mwini wake kunjako anaigula, anakwera nayo phiri kamodzi, n'kuisunga zaka khumi, kenako n'kuipereka. Ikafika kuno imanyezimira, mano a soli ali onse, koma mukayenda nayo maola awiri m'kati mwake mumanyenyeka ngati chigumu chouma, soli yonse n'kutsala m'njira. Choncho igwireni ndi manja awiri, muipinde mwamphamvu, muipotole, mukanikize ndi chikhadabo m'mbali mwa gawo lofewalo. Mukaona timing'alu, kaufa, kunata, kapena kampata kakutseguka pamene soli yalumikizana ndi chikopa, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo mpaka pati. Wogulitsa amene akukana kuti mupinde nsapato yake wakuuzani kale zonse.

Mukapeza yolimba, kupita nayo kwa osoka nsapato kuti aisoke kuzungulira soli n'kwabwino. Ulusi umaboola moti madzi pang'ono akhoza kulowa, koma ine ndingasankhe sokosi yonyowa kusiyana ndi soli yomatuka. Dziwani kuti ulusiwo sungapulumutse nsapato yowola kale m'kati.

Poyesa, pitani masana kapena madzulo mapazi atatupa pang'ono ndi kuyenda, mutatenga masokosi okhuthala amene mukavale kuphiri. Musanamange zingwe kankhirani phazi kutsogolo. Chala chimodzi cha dzanja chilowe kumbuyo kwa chidendene. Mukamanga, pezani kamtsetse kapena masitepe mutsike. Zala zikagunda kutsogolo ndiye kuti yachepa, ndipo potsika Mulanje, komwe n'kotsetsereka maola ambiri, zikhadabo zidzada n'kuzuka. Chidendene nacho chisamatukuke poyenda, chifukwa ndiko kumabala matuza. N'chifukwa chake sindikufuna alongo anu akugulireni nsapato. Manambala a ku South Africa, a ku Ulaya ndi a ku America ndi osiyana, ndipo ngakhale nambala ikhale imodzi, kampani iliyonse ili ndi kaumbidwe kake. Ina n'njopapatiza, ina n'njotambalala. Nsapato yodula yothina ikafika pa basi mulibe koibwezera.

Alongo anuwo muwapatse ntchito ya sleeping bag, ngati simunapeze yobwereka. Ichi ndi chinthu chimene maso sangakuuzeni zoona zake zonse, ndipo kukula kwake sikuvuta ngati nsapato. Makampani odalirika amayesa katundu wawo potsata muyezo wa ISO 23537, umene kale unkatchedwa EN 13537, ndipo amalemba manambala atatu a madigiri: comfort, limit ndi extreme. Nambala ya comfort ndiyo yanu, chifukwa imayesedwa poganizira mzimayi wogona momasuka osamva kuzizira. Ya limit imaganizira mwamuna wogona atadzipinda. Ya extreme musaiyang'ane n'komwe. Imangotanthauza kuti mwina mufika m'mawa muli moyo, mukunjenjemera usiku wonse. Ogulitsa osakhulupirika amakonda kulemba nambala yomalizayi ndi zilembo zazikulu pa thumba, munthu n'kuganiza kuti wagula chofunda cha kuchisanu. Pa Mulanje mu Julayi funani ya comfort yapakati pa 0 ndi 5. Mukaona nambala imodzi yokha popanda kutchula muyezo uliwonse, muitenge ngati ya kunyanja.

Za m'kati zilipo za mitundu iwiri, nthenga za mbalame ndi ulusi wopanga. Ya nthenga n'njopepuka ndipo imapindika pang'ono, koma ikanyowa imafota n'kusiya kufunditsa, komanso n'njodula. Ya ulusi imalemererapo koma imapirira chinyezi ndipo imauma msanga. Pa phiri la chiperoni, kwa munthu woyamba, ya ulusi ndiyo ndingakusankhireni.

Mukaipeza pa kaunjika, ndipo zimapezeka, ikutumuleni n'kuiyala pansi mphindi zingapo muone ngati ikufufuma. Yafulati ndi yotha ntchito, chifukwa chimene chimafunditsa ndi mpweya wogwidwa m'katimo. Ikwezeni kudzuwa muone malo opyapyala, yendetsani zipi kuchokera pansi mpaka pamwamba kangapo, ndipo inunkhizeni. Fungo la nkhungu silichoka. Ikakhala yopepukirapo musataye mtima: bulangete laling'ono la fleece m'kati, chipewa kumutu ndi masokosi ouma ogonera zimawonjezera kwambiri. Ngati kulibe matiresi, gulani kamphasa kapyapyala ka thovu lolimba losamwa madzi, osati siponji ya matiresi a kunyumba. Kuzizira kochokera pansi kumalowa m'thupi ngakhale chofunda chikhale chabwino bwanji.

Jekete la mvula likhoza kuchokera ku kaunjika kapena ku Johannesburg, koma pa kaunjika lifufuzeni ngati wapolisi. Litembenuzeni. M'misoko yonse muyenera kukhala katepi komatidwa. Popanda iko madzi amalowera m'mabowo a singano. Tepiyo ikayamba kumatuka, kapena m'kati mukamasupuka tizidutswa toyera, makamaka m'khosi ndi m'mapewa, ndiye kuti latha ngakhale kunja likuoneka bwino. Tengani botolo la madzi, pangani kadzenje ndi nsaluyo pamsoko wa paphewa, thirani madzi mudikire pang'ono n'kugwira kunsi kwake. Likhale ndi chipewa chake chomangika, ndipo likhale lokulirapo kuti juzi ilowe m'kati. Majekete ambiri okhuthala amene timavala m'tauni m'nyengo yozizira si a mvula. Amamwa madzi n'kulemera. Zikavutitsitsa, masuti a mvula a pulasitiki amene amavala a kabaza, opezeka m'masitolo a hardware, salowa madzi ngakhale pang'ono. Amatenthetsa thukuta pokwera, koma amatchinga mphepo, ndipo ndi bwino kukhala nawo kusiyana ndi jekete la dzina lotchuka lodontha.

Zovala zina zonse, kaunjika alibe mnzake, ndipo apa anzanu akunena zoona. Juzi ya fleece kapena ya ubweya, malaya a masewera a polyester, buluku lopepuka louma msanga, chipewa cha mutu, magolovesi, masokosi a ubweya: zonsezi mukazigula zatsopano mwangotaya ndalama. Werengani kachikwangwani ka m'kati. Pewani thonje, kuphatikizapo jinzi, chifukwa likanyowa ndi thukuta kapena mvula limakhala lonyowa mpaka madzulo n'kumakuyamwani kutentha. Zovala zitatu zopyapyala zosanjikiza zimaposa chimodzi chokhuthala, poti pokwera mudzatentha n'kuvula, poima mudzazizidwa n'kuvalanso. Chitenje chokha tengani, chili ndi ntchito zambiri m'nyumba zogonamo.

Kugula pa kaunjika kumafuna kudziwana ndi anthu. Pezani wogulitsa amene amachita za nsapato zokhazokha kapena majekete okhaokha, mumufotokozere chimene mukufuna, mumuonetse chithunzi pa foni, mumuuze nambala yanu ya phazi, ndipo mumufunse tsiku limene amatsegula belo. Zabwino zimatha m'mawa womwewo. Ambiri mwa iwo amadziwa katundu wawo kuposa mmene timaganizira, ndipo akadziwa kuti ndinu wogula weniweni amakusungirani. Muyambe mwayesa, kunenerera kubwere pambuyo. Mukayamba ndi mtengo maso anu amaleka kuona zilema. Kumbukiraninso kuti majuzi ndi majekete amakwera mtengo Juni akayandikira, pamene aliyense akuwafuna, ndiye musazengereze. Zonse mukagula muchape ndi kuyanika bwino musanavale.

Zikwama mufuna ziwiri. Chaching'ono cha malita 20 kapena 30 n'chanu, cha madzi, jekete, juzi ndi kamba wa panjira. Ichi chilichonse cholimba chikwanira, ngakhale cha sukulu, bola zingwe za m'mapewa zikhale zosokedwa bwino. Chachikulu cha malita 50 mpaka 65 ndi chimene adzabereke wokunyamulirani. Pamenepa ndimadandaula ndi alendo ambiri, chifukwa amaganiza kuti poti sanyamula okha, chilichonse chingachite, n'kumupatsa munthu sutikesi kapena thumba la zingwe zodula mapewa kuti akwere nalo mtunda wa maola ambiri. Mufunireni chokhala ndi lamba wokhuthala wa m'chiuno, ndipo musachilemetse. Pa kaunjika yang'anani zomangira za pulasitiki ngati sizinathyoke, zipi, ndi pamene zingwe zalumikizana ndi chikwama. Msoko wophwasuka telala akonza, koma nsalu yonata m'kati ndi yonunkha ndiye kuti utoto wotchinga madzi wawola. Palibe chikwama chimene sichilowa madzi mpaka kalekale, choncho ikani jumbo lalikulu lolimba m'kati, sleeping bag ndi zovala zogonera zikhale mmenemo.

Kunena za ku Johannesburg, alongo anu akhoza kupita ku Cape Union Mart, ku Outdoor Warehouse kapena ku Decathlon, masitolo amene ntchito yawo ndi imeneyi. K-Way ndi First Ascent ndi maina a komweko. Quechua ndi Forclaz ndi a Decathlon, ndipo kawirikawiri amakhala otsikirapo mtengo. Musangowauza kuti mundigulire chofunda chabwino. Lowani nokha pa intaneti, musankhe, muwerenge nambala ya comfort, muwatumizire chithunzi ndi dzina lenileni la chinthucho. Akatumiza pa basi kapena kudzera kwa onyamula katundu odutsa ku Beitbridge ndi ku Tete, aikemo lisiti, chifukwa pa chipata cha Mwanza kapena Dedza a MRA akhoza kufuna kuona mtengo wake powerengera msonkho. Muwerengere msonkhowo ndi ndalama yonyamulira musanaganize kuti mwapeza zotchipa, ndipo mupereke mpata wa masabata angapo. Timabotolo ta gasi asatumize. Pa ndege n'toletsedwa ndipo m'basi n'toopsa.

Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp pali anthu a mitundu itatu. Pali amene amalawirira pa belo n'kusankha zabwino, kuzichapa, n'kuikapo phindu lawo. Amenewa ndi amalonda oona, ndipo ngati mulibe nthawi yozungulira msika akhoza kukuthandizani. Pali alendo ogwira ntchito m'mabungwe amene akubwerera kwawo n'kumagulitsa katundu wawo yense. Ku Lilongwe ndi ambiri, ndipo kwa iwo ndi kumene mungapeze tenti kapena chikwama chenicheni pa mtengo wabwino. Ndiye pali akuba, amene amatola zithunzi pa intaneti n'kukuuzani kuti mutumize theka pa Airtel Money kapena Mpamba kuti akusungireni. Lamulo ndi limodzi kwa onse: ndalama ituluke chinthu chili m'manja mwanu, mutakumana pamalo poonekera masana, mutachiyesa monga mukanachitira pa msika. Wokhala kutali mumupemphe kanema wa chinthucho akutsegula zipi, akuonetsa misoko ndi kachikwangwani ka m'kati. Woona amatumiza, wabodza amayamba kukufulumizitsani kuti wina akuchifuna. Samalaninso ndi katundu watsopano wa maina otchuka ngati The North Face pa mtengo wotsika modabwitsa. Zongotengera dzina zadzaza m'misika, ndipo mukatembenuza mumapeza misoko ilibe tepi.

Zoitanitsa nokha kuchokera ku Ulaya, ku America kapena ku China sindikukulimbikitsani pa ulendo uno. Ndalama zakunja n'zovuta kupeza, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mukaphatikiza zotumizira ndi msonkho mtengo umasiyana kutali ndi umene munauona poyamba. Chikafika chosakwana, kubweza kulibe. Masitolo akuluakulu a ku Gateway Mall kapena ku Chichiri nawo ali ndi ubwino wake: mumalandira lisiti ndipo muli ndi kobwerera. Kungoti zambiri za mmenemo, mipando yopinda, mabokosi oziziritsira zakumwa, matenti aakulu, zinapangidwira anthu ogona pafupi ndi galimoto yawo. Za kunyanja ndi zabwino, za pa Sapitwa ayi.

Tenti ndiye idikire mpaka mutatsika phiri. Fulumira adadya gaga, ndipo mwina pofika Okutobala mudzakhala mutadziwana ndi wina wokubwerekani, komanso malo ena ogona a ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay ali ndi zipinda zotchipa kapena matenti awo. Mukaganiza zogula, musonkherane anayinu. Mu Okutobala kunyanja mdani ndi kutentha ndi udzudzu, ndiye funani ya nsalu ziwiri: ya m'kati yokhala ndi neti yambiri yopanda bowo, ndi yakunja yochotseka yofika pafupi ndi pansi. Ya nsalu imodzi imasanduka ng'anjo masana ndipo usiku imadontha mpweya wanu womwe. Nambala ya mamilimita imene amalemba pa nsalu yakunja imasonyeza mphamvu yake pa madzi. 1,500 ndi poyambira, ndipo ngati mudzaigwiritsenso ntchito m'dzinja funani 3,000. Akalemba kuti ya anthu atatu, dziwani kuti ndi ya awiri ndi zikwama zawo.

Kulikonse kumene mungaigule, kaya m'sitolo kaya kwa munthu, isalipiridwe isanamangidwe pamaso panu. Matenti a pa kaunjika nthawi zambiri amabwera opanda mitengo yake kapena ndi mitengo ya tenti ina, ndipo yolowa m'malo mwake njosowa. Mitengo ya fiberglass n'njotchipa koma imang'aluka ikapindidwa ndi mphepo yamphamvu ngati mwera. Ya aluminium imapirira. Onani nsonga zake ngati zayamba kuchita timing'alu, kokani kalamba ka m'kati muone ngati kakutamukabe, werengani zikhomo, ndipo yendetsani zipi zonse. Nsalu yakunja yofwifwa, yolira ngati pepala mukaifinya, ndiye kuti dzuwa laidya ndipo idzang'ambika. Pansi pake muziyala lona kapena pulasitiki yakuda yodula molingana ndi tentiyo, osatulukira kunja, kuti isakolole madzi a mvula kulowetsa pansi panu.

Mtundu umodzi wokha wa zida musadzagule wogwiritsidwa kale ntchito kwa munthu wosamudziwa: chingwe, lamba ndi chisoti zokwerera matanthwe. Njira ya ku Sapitwa sifuna zimenezi, koma ngati tsiku lina mudzakopeke ndi khoma la thanthwe la pa nsonga ya Chambe, zida zimenezo zimaonongeka m'kati mosaoneka ndi maso.

Zing'onozing'ono zili ponseponse. Tochi ya pamutu ipezeka pa msika uliwonse. Sankhani ya mabatire ochotsa n'kutenga ena apadera, chifukwa m'nyumba za m'phiri simudzapeza potchajira ndipo kuzizira kumatha moto msanga. Mabotolo a zakumwa a malita awiri ndi opepuka ndi olimba mokwanira. Ku famase gulani mapulasitala a matuza, bandeji yotamuka, mankhwala a ululu, Thanzi ORS ndi WaterGuard. Machesi akhale mu jumbo, wezulo ikhale m'thumba la jekete. Ndodo yoyendera mudzaipeza kwa osema pa Likhubula pomwepo. Chakudya gulani ku Limbe kapena pa Chitakale, osachinyamula kuchokera ku Lilongwe, ndipo mugwirizane ndi gaidi pasadakhale za chakudya chake ndi cha onyamula katundu.

Ndikanakhala inu, nsapato ndikanazigula mwezi uno n'kuyamba kuzivala popita kuntchito ndi kumsika. Kukatsala masabata atatu, nonse anayi mukakwere Nkhoma kapena phiri la Dedza mutavala zonse ndi zikwama kumsana, mutsike mofulumirirapo kuti mumve zala zanu. Usiku wina wozizira wa mu Juni mugone pakhonde kapena pasimenti m'chipinda chotsegula mazenera, muli mu sleeping bag yanu ndi zovala zomwe mukagonere. Jekete mulivale n'kuima pansi pa shawa mphindi zisanu. China chikalephera pamenepo mudakali ndi nthawi yobwerera kwa wogulitsa uja wa pa Tsoka kapena kuimbira alongo anu, ndipo chotsalira chaching'ono mukhoza kuchipeza pa msika wa Limbe, umene uli panjira yanu yopita ku Mulanje. Mukafika pa Likhubula yalani katundu yense pansi gaidi aone musananyamuke, ndipo chimene anene kuti chitsale, chitsale.